Galimoto yanu ikachedwa pa Dar, vuto limayambira mu ofesi za boma

Aliyense amene anaitanitsapo galimoto yakale ku Japan amadziwa nkhawa yake. Ndalama mwatumiza, sitima yafika ku Dar es Salaam, koma wokuthandizani pa doko akungoti "dikirani pang'ono bwana". Tsiku lililonse lodikira ndi ndalama. Ndiye zimene boma la Tanzania limachita ndi doko lake si nkhani ya eni ake okha ayi. Mafuta ambiri amene timafolera pa filing'i amadutsa komweko, ndipo dziko lino lili ndi malo ake osungira katundu, a Malawi Cargo Centres, ku Dar ndi ku Mbeya.

Tiyambe ndi zimene boma la Tanzania linachita bwino. Mu 2017 linatenga ngongole ya madola 345 miliyoni ku World Bank kuti likumbe njira ya sitima ikhale yakuya, komanso likonze malo okocheza. Ntchito ngati imeneyi kampani singaigwire payokha, chifukwa phindu lake limabwera pang'onopang'ono ndipo limagwera aliyense. Apa palibe chotsutsa.

Pamalamulo ndi pamene zinthu zakhala zikusokonekera. Mu 2016 boma linaika msonkho wa VAT wa 18 peresenti pa ntchito zothandizira katundu wongodutsa, wopita ku Malawi, Zambia, Congo ndi kwina. Pa pepala zinkaoneka zanzeru: alendo akugwiritsa ntchito doko lathu, alipire. Koma wamalonda wa ku Lubumbashi kapena ku Lusaka sanakwatirane ndi Dar. Kuli Beira, kuli Durban, kuli Mombasa. Amalonda anadandaula kuti katundu akuthawira kwina, ndipo chaka chotsatira boma linabweza moto. Msonkho unachotsedwa. M'chaka chomwecho cha 2017 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe la TASAC, loyang'anira za sitima ndi makampani ake. Chodabwitsa n'chakuti bungwe lomwelo linapatsidwanso mphamvu yochita lokha bizinesi yoombola mitundu ina ya katundu. Tangoganizani, woimbira mpira wavalanso yunifomu ya timu imodzi.

Kenako nkhani ya DP World. Mu June 2023 nyumba ya malamulo inavomereza mgwirizano pakati pa Tanzania ndi Dubai, ndipo dziko linawira. Anthu ankafunsa kuti mgwirizanowo udzatha liti, nanga ukukhudza madoko angati? Mabishopu a Katolika analemba kalata youkana. Ena mwa amene anatsutsa mokweza, kuphatikizapo Willibrod Slaa, anamangidwa. Mu October boma la Samia Suluhu Hassan linasainabe: zaka 30, malo okocheza nambala 4 mpaka 7, ndipo kampaniyo inalonjeza kuika madola 250 miliyoni m'zaka zisanu zoyamba. Mu 2024 kampani ya ku India, Adani, nayo inatenga mbali ya makontena kwa zaka 30.

Ine sindikuona cholakwa kubwereketsa doko kwa odziwa ntchito. Ku Beira, kampani ya Cornelder yakhala ikuyendetsa doko kuyambira 1998 limodzi ndi CFM ya boma, ndipo dziko la Mozambique silinagulitsidwe. Chimene chimandivuta ndi ichi: boma likakhala mwini doko, wogawana nawo phindu, komanso woyang'anira mitengo, wamalonda wamng'ono akadandaule kwa ndani mtengo ukakwera? Ndipo ngati nzika zofunsa mafunso zikugona m'chitokosi, Mmalawi wa kontena imodzi ya kaunjika angamvedwe bwanji?

Ife ku nyumba ya malamulo ya ku Dodoma tilibe mawu. Mphamvu yathu ndi imene inagwetsa VAT ija: kutha kunena kuti tikadzera kwina. N'chifukwa chake mwambo wa mu October 2023 ku Nacala, pomwe Filipe Nyusi, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anakumana potsegulira doko lokonzedwanso ndi thandizo la Japan, unali wofunika kuposa zithunzi zimene tinaona pa Facebook. Ku Nacala kuli njanji yofika ku Malawi, ndipo doko lake ndi lakuya mwachilengedwe, silifuna kukumbidwa kawirikawiri ngati la Beira. Komabe funsani anzanu oitanitsa magalimoto kuti galimoto yawo yotsatira idzatsikira kuti. Ambiri akuuzani kuti Dar, kenako msewu wautali wa ku Mbeya mpaka pa Songwe.