Ululu Si Mtanda Woti Tisenzetse Amayi Athu

Abale okondedwa a m'mipingo ya kuno ku Mzimba, ulipo mlandu umene taubisa m'nyumba nthawi yaitali, ndipo lero tiutulutse pabwalo.

Mayi wachikulire akayamba kutupa mimba, nakhuta asanathe mtanda wa nsima, naonda, namva kupweteka kunsi kwa mchombo, ife tithamangira kunong'ona za ufiti. Koma nthawi zina imeneyi ndiyo khansa ya m'timatumba ta mazira a mayi, nthenda yokwawa mwakachetechete, imene idziwika itakula kale. Madokotala alimbana nayo ndi opaleshoni, ndiponso ndi mankhwala olowa m'mtsempha otchedwa carboplatin ndi paclitaxel, operekedwa kamodzi pa milungu 3, kawirikawiri maulendo 6. Chithandizo chotere chifuna ulendo wa ku chipatala chachikulu, monga cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma khomo lake lili pafupi, pa chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni.

Tsono mlandu weniweni ndi uwu. Nthenda ikakana kuchizika, ena mwa ife aletsa wodwala kumwa morphine. Ati ndi mankhwala otsiriza munthu; atinso Mkhristu apirire. Ife tikana zonse ziwiri.

M'chaka cha 1986 bungwe la World Health Organization linaika makwerero a mankhwala a ululu wa khansa: kuyamba ndi ofatsa monga panado, ndi kukwera kufikira morphine ululu ukakula. Morphine wamadzi, akamwedwa pa muyeso wa dokotala maola 4 alionse, sapha munthu. Yakupha ndiyo nthendayo. Tiona wodwala amwalira atangoyamba kumwa chifukwa ife tinazengereza kufikira tsiku lotsiriza. Vuto lake lodziwika ndilo kudzimbidwa, ndipo mankhwala ake alipo.

Nanga za kupirirazo? Msamariya uja sanalalikire wovulalayo kuti alimbe mtima. Anatsuka mabala ake nawamanga. Ife amene tilamula kupirira tigona tulo usiku wonse, pamene mayi wathu abuula pamphasa kufikira tambala. Kumeneko si kupembedza ayi, ndi nkhanza yovala malaya a Sabata.

Chifukwa chake, inu akulu a mpingo ndi amayi a Umanyano, popita kukaona wodwala pempherani, inde. Koma funsaninso ngati wagona, ngati mankhwala alipo, ndi amene akawatenge akatha. Kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.