Labala wa pa boti safuna super glue

Amalawi pali chinthu chimodzi chomwe sitikanganapo: chilichonse chikamatuka, super glue alipo. Patapata, kava ya foni, magalasi a maso, timangodonthezapo kaguluu ka pa okala n'kumapita. Koma chizolowezi chimenechi chikafika kunyanja chimawononga katundu, ndipo chikhoza kutayitsa moyo.

Maboti a faibala omwe timawaona ku Mangochi, Senga Bay, Nkhata Bay ndi Likoma amakhala ndi mabokosi otsekeka osungiramo mabatire, mafoni ndi majekete oyandamitsa munthu. M'mphepete mwa chivindikiro mumadutsa labala wotchinga madzi. Maboti ena alinso ndi zipinda za mpweya zothandiza kuti boti lisamire ngakhale mafunde atalowa. Labala wa pachivindikiro cha chipinda chotere akamatuka, madzi amalowa mwakachetechete, mwini wake n'kudzazindikira boti litalemera kale pakati pa nyanja. Mwera, womwe umavuta kwambiri kuyambira May mpaka August, sufunsa kuti munamata ndi chiyani.

Super glue amagwira msanga, inde, koma akauma amalimba gwa ngati galasi. Pomwe labala amafinyika nthawi iliyonse mukatseka, boti limanjenjemera ndi injini, dzuwa likuwotcha, madzi akunyowetsa. Guluu wosapindika amangothetheka, labala n'kuyambanso kulendewera. Silikoni, yemwe ena amathamangira poti ndi wa madzi, sagwira bwino labala wakuda wa mtundu wa EPDM amene amaikidwa pa zivindikiro zambiri. Choipa kwambiri n'chakuti amasiya utoto woterera womwe guluu wina aliyense amakana kugwirapo. Palinso guluu wa maboti wamphamvu zedi ngati 3M 5200, koma ameneyu ndi womatira zinthu zomwe simudzazichotsanso. Labala amatha, ndipo tsiku lomusintha mudzakanda boti mpaka kuliwononga.

Woyenera ndi guluu amene amapindikabe akauma. Ngati mungapeze wopangidwira labala wa zitseko za galimoto, wolembedwa kuti weatherstrip adhesive, tengani ameneyo. Apo ayi, contact adhesive, uja wachikasu amene osoka nsapato amagwiritsa ntchito, amathandiza bola mumutsate malamulo ake.

Apa ndi pomwe ambiri timalephera, chifukwa ntchito yaikulu si kumata koma kukonza malo. Palani guluu yense wakale. Kwechani pang'ono labala ndi m'mphepete mwa chivindikiro ndi sandipepa, pukutani ndi spiriti, dikirani paume. Pakani guluu wochepa mbali zonse ziwiri, musiyeni mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kukakamira chala, kenako phatikizani ndi kusindikiza mwamphamvu. Musamukoke labala pomata, chifukwa amabwerera m'malo mwake n'kumatuka m'makona. Mukatero lisiyeni boti pamtunda maola 24. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi chitirani panja, kutali ndi moto ndi fodya, poti guluuyu amayaka, komanso dziwani kuti petulo amamusungunula. Pomaliza panitsani kapepala ndi chivindikiro n'kukakoka. Kakasololoka mosavuta, madzinso adutsa pomwepo.

Wina anena kuti, “Achimwene, guluu wabwino ndi wodula, kudoko kulibe, ndipo boti likagona tsiku limodzi ana adya chiyani?” Funsoli n'lomveka. Koma yerekezani mtengo wa kachitini ka guluu ndi wa batire lomwe lamwa madzi, kapena foni yomwe mukanaimbira anzanu injini itazima usiku. Tsiku lomwe mwakana kudikira mudzalilipira ndi sabata. Ndipo labala akauma n'kuyamba kung'aluka, palibe guluu amene angamudzutse, gulani wina basi.

Eni mashopu a hardware m'matauni a m'mbali mwa nyanja, tithandizeni posunga guluu woyenera ndi kuuza ogula zoona, osangowapatsa zomwe zili pafupi ndi dzanja. Achinyamata amene mwalembedwa ntchito pa boti la bwana, mukaona labala akulendewera nenani lero lomwe. Bwana amatsala kumtunda, amene mumalowa m'madzi ndinu.