Sofa imene ndinajambulitsirapo ku Joni sinali yanga

Lero ndilemba zazitali, ndiye amene bandulo yanu ndi yochepa mundikhululukire. Nkhaniyi yandikhala pakhosi sabata yonse, ndaona kuti ndingoilavula.

Lachiwiri lapitali kunyumba kwathu kuno ku Balaka kunabwera mayi ena ochokera mbali ya ku Ulongwe. Mwana wawo wamwamuna wakakamira zoti agulitse dimba limene malemu bambo ake anasiya, apeze pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni. Dimba limenelo ndi limene limawadyetsa, iwo ndi adzukulu atatu. Nditawafunsa chimene chamukoka mnyamatayo, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Mnzake amene ankasewera naye mpira wakhala pa sofa yoyera mbee, mwendo pamwamba pa unzake, kumbuyo kwake makatani otsika kuchokera kudenga mpaka pansi, pambali duwa mu mphika waukulu. Nditangochiona ndinaseka, kenako manyazi anandigwira. Chithunzi ngati chimenecho nanenso ndinajambulitsapo, ndipo ndikudziwa mmene chimajambulidwira.

Ulendo wa ku Joni sitinauyambe ndife. Agogo athu ankapita pa Wenela, kenako pa Theba, kukakumba golide. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Patapita zaka zochepa unayambiranso mpaka unadzatha cha m'ma 1988. Madala aja akamabwera ankafika ndi sutikesi yachitsulo, wayilesi, njinga, jekete ndi chipewa. Mudzi wonse unkaona jekete. Chifuwa chimene fumbi la mumgodi linadya ankachimva ndi mayi a kunyumba okha usiku. Lero jekete ija yangosanduka chithunzi cha pa Facebook basi.

Ine ndinapita mu 2010, chaka cha World Cup, pamene aliyense ankati ku Joni ndalama zikungotoledwa pansi. Ndinali telala wa pakhonde pa Liwonde, wosoka mayunifolomu ndi kuika zigamba. Ndinakwera basi ku Blantyre, tinadutsa pa Mwanza, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station, miyendo itatupa. Pa boda anandidindira masiku 30. Masiku 30 amatha msanga abale. Akatha, galimoto iliyonse ya polisi ukaiona mtima umathamangira ku Lindela, kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo.

Ndinafikira ku Mayfair, mu galaja imene eni nyumba anaisandutsa chipinda. Tinalimo amuna asanu ndi mmodzi, ena a ku Ntaja, ena a ku Nselema, wina wa ku Mangochi, ambiri mwa iwo Asilamu, ndipo anandisunga ngati m'bale wawo. Chisanu cha June kumeneko si cha masewera, umagona ndi jekete, masokosi ndi chipewa. Tinkaphika pa kasitovu kamodzi mosinthana. Basi ikabwera ndi matemba a ku Chilwa kapena mpunga wakwathu, tsiku limenelo ndiye Khirisimasi. Mu minibasi, imene kumeneko amati tekisi, ndinaphunzira kukweza chala m'mwamba ndikafuna kulowa m'tauni, ndinaphunziranso kutseka pakamwa, chifukwa ukangoyankhula lilime limakuulula kuti ndiwe kwerekwere.

Ntchito ndinaipeza ku Fordsburg, pa kashopu kosoka makatani. Nsalu tinkakagula ku Oriental Plaza, msika waukulu umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la tsankho linkasamutsa amalonda a Chimwenye ku Pageview. Tsiku loyamba kulowamo ndinaima ngati mbuzi yomangidwa. Nsalu zokhazokha, zina zolemera ngati bulangete, zina zopyapyala zoti dzanja limaonekera. Ndinaonanso shweshwe, nsalu yawo youma ngati yaikidwa sitachi, imene amainyadira monga ife timanyadira chitenje.

Kumeneko ndi kumene maso anga anatseguka pa nkhani ya kukongoletsa nyumba. Mayi wina wachikulire amene ankadula nsalu pa shopu yathu anandiphunzitsa zinthu zimene sindinazimvepo pakhonde pa Liwonde. Nsalu ya katani izikhala kawiri kapena kawiri ndi theka kutambalala kwa windo, apo ayi imangolendewera ngati shiti yoyanika. Chitsulo chopachikapo uchikweze pafupi ndi siling'i, chipinda chimaoneka chachitali. Kumbuyo uikeko nsalu ina yotchinga, dzuwa lisadye maluwa a katani. M'chipinda chimodzi mitundu isapose itatu. Chipinda chikakhala chaching'ono, penti yowala imachikulitsa. Ndinazindikiranso kuti nyumba zawo zambiri mawindo aakulu amayang'ana kumpoto, chifukwa nyengo yozizira dzuwa limadutsa mbali imeneyo, ndiye amalikola kuti liwafunditse. Palibe chimene amachita mwangozi.

Tsopano ndifike pa tchimo langa. Tsiku lina tinapita kukapachika makatani m'nyumba ina mbali ya ku Sandton. Madamu atatuluka kukatenga ana kusukulu, ndinavula ovolosi, ndinabwereka jekete ya mnzanga, n'kukhala pa sofa yawo. Mnzangayo anajambula. Chithunzicho ndinachitumiza kumudzi popanda mawu. Sindinalembe kuti nyumbayi ndi yanga, koma ndinkadziwa bwino lomwe zimene anthu aziganiza.

Chithunzi chimenecho chinandidya zaka ziwiri. Amalume anayamba kufunsa za feteleza, achimwene za malata, asuweni awiri anati ndiwaitane adzakhale nane popeza nyumba ndi yaikulu. Chowawa kwambiri chinali cha mayi a kunyumba. Mwana wathu atadwala malungo n'kugonekedwa m'chipatala, ndinatumiza kandalama kochepa kamene ndinali nako, ndipo iwo anandifunsa pa foni kuti, “Bambo a mwana, munthu wokhala m'nyumba yotere n'kutumiza zimenezi? Kapena muli ndi wina kumeneko?” Ndinali nditaima panja pa galaja, m'thumba mulibe ngakhale ya buledi. Banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha sofa ya eni ake. Kuti ndiulule zinanditengera nthawi, ndipo kuti iwo andikhulupirirenso zinatenga nthawi yoposa pamenepo.

Koma mundimve bwino, chifukwa pali ena akamva umboni ngati uwu amathamangira kunena kuti kukonda zokongola ndi kunyada. Ayi ndithu. Ine sindikudzudzula kukongola, ndikudzudzula bodza. Ndipo munthu amene anandisiyanitsira ziwirizi ndi mnzanga wa ku Ntaja amene tinkagona naye m'galaja muja.

Iyeyu malo ake anali matiresi amodzi pakona. Koma pakona pake panali posiyana ndi pa tonsefe. Khoma anapakapo penti yotsala ku ganyu. Anapachika chitenje cha mayi ake ngati katani. Makireti awiri a zakumwa anawaphimba ndi zidutswa za nsalu zimene ndinkamutolera ku shopu, n'kukhala tebulo. Nsapato zake ziwiri zinkakhala pamzere, malaya a Lachisanu atasitidwa pa hang'ala. Tinkamuseka kuti akudziyesa mzungu. Tsiku lina anandiyankha kuti, “Panjapa tsiku lonse amanditchula dzina losakhala langa. Ndikalowa muno ndimafuna ndipeze malo amene akundikumbutsa kuti ndine mwana wa munthu.” Mawu amenewo sanandichoke. Iye pakona pake sanapajambulepo n'kamodzi komwe. Ankapakonzera mtima wake. Ine ndinajambula za eni ake kukonzera maso a anthu.

Chinanso chimene chinandichititsa manyazi ndi ichi. M'nyumba zingapo za anthu olemera zimene tinkagwiramo ntchito ndinkapezamo mipando yoluka ya nsungwi yochokera kwathu kuno. Kumeneko amaitchula ndithu kuti Malawi chair, ndipo imagulitsidwa m'mashopu apamwamba. Madengu ndi malichero akwathu ndinawaona atapachikidwa pakhoma ngati zithunzi. Madamu ena atamva kuti ndine Mmalawi anandikokera pakhonde kukandionetsa mipando yawo monyadira. Ine ndili mumtima, mipando yomweyi imene timaidutsa m'mbali mwa msewu osacheuka, imene mlendo akabwera timaibisa n'kukabwereka ya pulasitiki? Munthu ndinawoloka maboda atatu kuti ndikauzidwe kuti za kwathu n'zokongola.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo amene asemphana nane ndi ufulu wawo. Chuma chenicheni chimene munthu angabwere nacho kuchokera ku Joni ndi luso ndi diso limene waphunzira. Firiji imafa, TV imapsa ndi magetsi, suti imathina. Koma munthu amene waphunzira kuika matayilosi mowongoka, kupenta mosadontheza, kusoka katani, kukonza kapinga ndi maluwa, kuyala tebulo, ameneyo wabwera ndi munda umene sufuna feteleza. Anyamata athu ambiri kumeneko amagwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni a anthu, ndipo amachita nazo manyazi. Musachite manyazi. Muli pa sukulu imene ena amalipira ndalama kuti aphunzire. Tsegulani maso, funsani chifukwa chake chinthu chaikidwa pamene chaikidwapo.

Ndanena kuti funsani chifukwa chake, popeza kukopera kopanda kufunsa kwatipweteka. Yendani pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Balaka pompano muone nyumba zina zimene zamangidwa ndi maranda. Magalasi aakuluakulu kutsogolo, khonde palibe, malata akuda, siling'i kulibe, mitengo yonse pabwalo inadulidwa kuti nyumba ioneke kumsewu. Pa chithunzi ndi yokongola zedi. Koma lowanimo mu October masana, ndi uvuni weniweni, eni ake akugona panja pa mkeka. Johannesburg ili pamtunda, kumazizira mpaka madzi kuuma, ndiye amamanga mokola dzuwa. Ife a m'chigwa cha Shire dzuwa timalithawa. Nyumba ya kuno imafuna khonde lalikulu, denga lokwera, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi mtengo wa mango pabwalo. Agogo athu ankazidziwa zimenezi asanaone Joni. Munthu amene waphunziradi kukongoletsa amayamba wafunsa kuti dzuwa la pamalopo limayenda bwanji, ndipo m'nyumbamo mukhala ndani.

Ine ndinabwerera mu 2015, chaka chimene zipolowe zothamangitsa alendo zinabuka ku Durban mu April n'kufika mbali zina za Johannesburg, boma lathu mpaka kutumiza mabasi kukatenga anthu. Sindinabwere ndi galimoto. Ndinabwera ndi makina amodzi osokera, tepi yoyezera, ndi kabuku kamene ndinkalembamo miyeso. Anthu ena anandiseka kuti zaka zisanu ku Joni n'kubwera ndi makina basi. Makina amenewo ndi amene alipirira ana anga fizi mpaka lero. Amene munakhalapo pa ukwati ku tchalitchi kwathu, nsalu zakutsogolo zija ndi zitenje wamba za pamsika, kungoti zinayezedwa bwino.

Kwa iwe mnyamata amene ukufuna kugulitsa dimba, ndikudziwa uwerenga. Sindikukuletsa kupita, ndilibe mphamvu imeneyo, ndipo ndikudziwa mmene zinthu zathinira kuno. Alipo amene anapita zikuwayendera moona. Koma usanasaine pepala lililonse kwa amfumu, muimbire mnzakoyo pa vidiyo nthawi ya 10 koloko usiku, umuuze atembenuze foni akuonetse pamene akugona, ndi amene akugona nawo. Umufunse ngati mapepala ake ali bwino. Akakuonetsa zoona n'kukhalabe ndi mtima wopita, pita ndi luso m'manja, ndipo thiransipoti uipeze mwa njira ina. Dimba likapita silibwerera, ndipo tsiku limene basi idzakutsitse pa Chingeni ulibe kanthu, ndi dimba lomwelo limene likanakulandira.

Kwa inu makolo, amalume ndi azakhali, lekani kuwerengera ndalama za mwana pa chithunzi. Ana ena amanama chifukwa ife tinawaphunzitsa kuti wobwera chimanjamanja salandiridwa. Mukamuimbira foni yambani mwamufunsa ngati wadya, ngati ali ndi bulangete. Za feteleza zibwere pambuyo.

Ndipo kwa inu muli ku Mayfair, ku Diepsloot, ku Cosmo City, ku Cape Town, ku Durban, kaya muli m'galaja kaya mu mkhukhu, konzani pamene mukugonapo. Sesani, pachikani chitenje, ikani duwa mu chitini. Sindinu katundu wosungidwa kudikira tsiku lobwerera, moyo wanu ukuchitika panopa. Mukafuna kutumiza chithunzi kumudzi, tumizani cha pakona panu pomwepo. Mayi anu akachiona adzadziwa chokupemphererani.

Mayi a ku Ulongwe aja abweranso Loweruka ndi mwana wawo. Ndafukula chithunzi changa cha pa sofa chija, ndikamuonetsa, kenako ndikamuonetsa makina. Mutikumbukire m'mapemphero, ndipo amene muli ndi m'bale ku Joni mutumizireni uthengawu. Ambuye akusungeni kulikonse kumene muli. Ameni.