Mwana Wokana Chakudya

Alipo ana ena amene akadya buledi, masikono kapena mandasi amatupa mimba, natsegula m'mimba, ndipo sakula bwino. Chowavuta ndicho guluteni, amene amapezeka mu tirigu. Mwana wotere akakhalanso wosadya nyama ndi nsomba, mayi amathedwa nzeru, nayamba kumkalipira kuti ngwosankha. Tisafulumire kuthyola mkwapulo. Tiyambe tapita naye kuchipatala akamuyese.

Ife a ku Karonga tiri ndi mwayi. Mpunga wa Kilombero wolimidwa ku Hara ndi ku Wovwe ulibe guluteni. Chinangwa, chimanga ndi nthochi nazonso ziribe. Mbalagha yathu tingathe kuiphika popanda nyama, n'kuthiramo nsinjiro ndi matimati. Kondowole amatsika bwino ndi chigwada chotendera, malinga chinangwacho chinaviikidwa masiku okwanira kuti ululu wake uchoke. Nyemba, mazira ndi chambiko zimalowa m'malo mwa nyama.

Akalirira mandasi a anzake, timkazingire zitumbuwa za nthochi zakupsa ndi mgaiwa, koma osati m'mafuta amene tinakazingiramo mandasi. Timlole asende yekha nthochizo ndi kuumba nawo zitumbuwazo, ndipo timpakulire pang'ono, kuti apemphe yekha zina.