Musagule pampu musanaone mawaya

Tiyi sadikira munthu. Masamba akathyoledwa m'mawa ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, apo ayi amatenthana m'matumba, nafiira, ndipo amakanidwa pasikelo. N'chifukwa chake galimoto ikafera pamsewu wa ku Thekerani kapena ku Masambanjati, wolira si dalaivala yekha ayi. Mlimi wa tiyi ndi wa kabichi wothamangira msika wa Bvumbwe onse amagona ndi njala.

Chondidandaulitsa n'chakuti galimoto ya petulo ikangokana kulira, ambiri timathamangira kunena kuti pampu ya mafuta yapsa. Mlimi amagulitsa mbuzi, nakwera basi kukagula pampu ku Limbe, koma ataimanga galimoto ili duu. Vuto linali waya.

Taganizani za dera lathu lino. M'minda ya Satemwa, Conforzi ndi Makandi tiyi amakondwa ndi chinyontho, koma chinyontho chomwecho ndicho mdani wa mawaya. Mvula ya Disembala mpaka Malichi ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi zimabweretsa dzimbiri polumikizira mawaya. Mabampu amakhwefula zomangira, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe makoswe amaitafuna mawaya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba tembenuzani kiyi osaliza injini, mnzanu atchere khutu pathanki. M'galimoto zambiri pampu imang'ung'udza kwa masekondi awiri, ngakhale zina imayamba pokhapokha mukuliza injini. Ikakhala chete, onani fyuzi. Kenaka onani relay, kabokosi kamene kamatsegulira magetsi opita kupampu: kasinthanitseni ndi kofanana nako, monga ka hutala. Mukatero tsatani waya mpaka pathanki ndipo muyese ndi kababu ngati magetsi akufika. Batire labwino limapereka mavoti 12 ndi pang'ono. Musaiwale waya wa earth womangidwa kuchitsulo cha galimoto. Ukachita dzimbiri pampu imafooka, galimoto n'kumatsamwa pachitunda. Ngati magetsi akufika bwino, earth ili bwino, koma pampu ili zii, pamenepo ndiye kagulitseni mbuzi ija.

Pali mchitidwe wina umene tiyenera kuuleka. Fyuzi ikapsa, ena amalowetsapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ndi mlonda. Ikapsa kawiri ndiye kuti mwina penapake waya wasupuka ndipo ukukhudza chitsulo. Kuchotsa mlondayo n'kuitana moto pafupi ndi petulo. Bwezerani fyuzi ya nambala yomweyo, ya 15 pa 15, ndipo musanamasule chilichonse pathanki chotsani waya wa batire ndi kuzimitsa ndudu.

Enanso amapha pampu okha poyenda ndi malita awiri tsiku ndi tsiku. Pampu ya m'thanki imazizira ndi petulo yemweyo, choncho thanki louma limaitenthetsa.

Tsono pempho langa likupita kumakalabu a alimi. Timasonkha ndalama za feteleza, nanga tikulepherera chiyani kugula kababu koyesera, mafyuzi angapo ndi relay imodzi zoti zizikhala m'galimoto yonyamula mbewu zathu? Mtengo wake sufika ngakhale theka la pampu. Ndipo makaniko akanena kuti pampu yapsa, mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni magetsi akufika pathanki musanatulutse kwacha. Safunsa anadya phula.