Phindu la papepala ndi ndalama za m'manja: phunzilo la venture capital

Ambili a ife timakumbukila tumabuthu twa Zoona tumene tinali m'misika na m'makomboni, kumene tinali kutumizila ndalama kumudzi. Zoona inakula ndi ndalama za osungitsa akunja. Mu 2016 inalandila madola 15 miliyoni m'gulu lotsogoleledwa ndi IFC, nthambi ya World Bank. Mu November 2022 kampani ya Chipper Cash inalengeza kuti igula Zoona. M'mwezi umodzimodziwo, FTX, imene inali itatsogolela gulu loika madola 150 miliyoni mu Chipper Cash caka ca m'mbuyo mwake, inagwa. Mu December Chipper Cash inacotsa ena mwa anchito ake. Conco nkhani ya venture capital si ya ku America cabe.

Kodi venture capital n'ciani? Ni thumba limene akatswili amasonkhanitsilamo ndalama za ena n'kugula gawo m'makampani atsopano amene sanayambe kupanga phindu. Eni ndalamazo nthawi zambili amakhala mabungwe a penshoni, mayunivesiti, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe a citukuko. Thumbalo limakhala pafupifupi zaka 10, ndipo amene waikamo sangatenge ndalama zake pakati panjila. Oyang'anila amatenga pafupifupi 2 pelesenti caka ciliconse monga malipilo awo, ndiponso 20 pelesenti ya phindu. Makampani ambili amene amagulidwa amafa. Ciyembekezo n'cakuti imodzi kapena ziŵili zidzakula kwambili n'kubweza zonse zotayika.

Vuto lili pa kapimidwe ka phindu. Pa cilimba, tsiku lako likafika umaŵelenga ndalama m'manja. Mu venture capital, kwa zaka zambili mumangolandila lipoti lokamba kuti gawo lanu lakwela mtengo. Mtengowo umacokela pa zimene wogula womaliza analipila, osati pa zimene kampani yapanga. Mu January 2022 FTX inali kuŵelengedwa kuti ni ya madola 32 biliyoni. Pa 11 November caka comweco inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephela kulipila nkhongole. Sequoia Capital, imodzi mwa makampani ochuka kwambili pa nchitoyi, inauza osungitsa ake kuti madola oposa 200 miliyoni amene inaikamo asanduka zilo. Bungwe la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario, ku Canada, linataya madola 95 miliyoni. Mwini wake wa FTX, Sam Bankman-Fried, anagamulidwa zaka 25 m'ndende mu March 2024.

Ngakhale kumene kulibe cinyengo, zinthu zalimba. Kuyambila mu 2022 banki yaikulu ya America inakweza ciwongola dzanja kucoka pafupi ndi zilo kufika pamwamba pa 5 pelesenti mu 2023. Ndalama zitadula, ogula makampani atsopano anacepa, ndipo makampani ocepa cabe ndiwo anagulitsa magawo awo pa msika wa masheya. Thumba limabweza ndalama zenizeni pokhapo ngati lagulitsa gawo lake. Pokhala palibe wogula, osungitsa ambili anatsala ndi malipoti okongola koma m'manja mulibe kanthu, pamene oyang'anila anapitiliza kutenga 2 pelesenti yawo. N'cifukwa cake masiku ano osungitsa amayamba ndi funso limodzi: pa dola iliyonse imene tinaika, mwatibwezela zingati?

Izi sizitanthauza kuti venture capital ni yoipa. Google ndi Apple zinathandizidwa ndi ndalama zotele pamene zinali zazing'ono, ndipo banki wamba sikanazikongoza. Koma onani cimene cinapulumutsa aphunzitsi a ku Ontario: ndalama zimene anataya sizinafike ngakhale 0.05 pelesenti ya cuma ca bungwe lawo. Anacita manyazi, koma penshoni ya mphunzitsi wopuma sinaime. Anaika zocepa zimene akanatha kutaya.

Wanchito aliyense amene amadulidwa NAPSA pa malipilo ake ali ngati aphunzitsi aja: ndalama zake zili m'manja mwa ena. N'cimodzimodzinso ndi amene ali m'makomiti osunga thumba la okalamba, la sukulu kapena la village banking. Munthu akabwela ndi nkhani ya phindu lalikulu, mufunseni mafunso anayi. Kodi ndalama zathu zidzatsekeledwa zaka zingati? Inu mudzalandila zingati ngati ife tataya? Amene anaikako kale mwaŵabwezela zingati, ndalama zoŵelenga m'manja? Nanga zonse zikapita, tidzatsala ndi ciani? Ngati sayankha momveka, ndalamazo zisacoke m'thumba.