Ndemanga: Makamera owerenga nambala za galimoto ndi thumba la khonsolo ya M'mbelwa

Kamera yowerenga nambala za galimoto ndi chipangizo chimene chimakolekedwa m'mbali mwa msewu, ndipo galimoto iliyonse ikamadutsa chimajambula nambala yake, n'kulemba nthawi ndi malo, kenako n'kuiyerekeza ndi mndandanda wa galimoto zobedwa kapena zimene apolisi akuzifunafuna. Ku United States makamera otere amagulidwa kawirikawiri ndi makhonsolo, ambiri kuchokera ku kampani ya Flock Safety, chifukwa kumeneko mizinda yambiri ili ndi apolisi akeake amene imawalipira yokha. Kuno ku Malawi apolisi ndi amodzi dziko lonse, ndalama zawo zimavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo khonsolo ilibe mphamvu yowalamula.

Kuti boma la Mzimba likufunika chitetezo cholimba pamsewu palibe angatsutse. Msewu wa M1 umalowa m'bomali chakummwera, kudutsa pa Jenda pamene pali rodibuloko ya apolisi komanso mphambano yopita ku Lundazi m'dziko la Zambia, kenako umakwera nkhalango ya Chikangawa, kumene malole a matabwa ndi makala amayenda usana ndi usiku. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga munapezeka dzenje lokwiriramo mitembo ya anthu osachepera 25 amene apolisi anati anali ochokera ku Ethiopia, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya galimoto zozembetsa anthu sinachoke m'maganizo mwa anthu a m'derali.

Komabe ndalama zogulira zipangizo zotere siziyenera kuchokera m'thumba la khonsolo ya M'mbelwa, yomwe imayang'anira boma la Mzimba. Malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, khonsolo imapeza ndalama zake kudzera mu ziphaso za m'misika, malaisensi a mabizinesi ndi zina zotere, kuwonjezera pa zimene boma lalikulu limatumiza kudzera mu komiti yoona za chuma cha makhonsolo, kuphatikizapo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lotchedwa CDF, lomwe linayamba mu 2006. Ndalama zimenezi ndi zomwe anthu oposa 900,000, malinga ndi kalembera wa 2018, amadalira pa mijigo, midadada ya sukulu, milatho ndi zimbudzi za m'misika. Kamera siigulidwa kamodzi n'kuiwala, pakuti imafuna magetsi kapena sola, intaneti, mlonda ndi wokonza chaka ndi chaka. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Jenda, amene amadula chiphaso tsiku lililonse, atakhala kuti ndiye akulipira zonsezi, ndiye kuti akulipirira chinthu chimene khansala wake sangachifunse momwe chikugwirira ntchito, popeza zojambulidwazo zimakhala m'manja mwa apolisi. Boma lalikulu, limene limatolera ndalama pa mafuta a galimoto ndi pa zipata zolipiritsa galimoto za Chingeni ndi Kalinyeke, ndilo loyenera kusenza katunduyu.

Pamene khonsolo ili ndi mawu oyenera kumveka ndi pa malo oikapo makamerawo. Kuika kamera pa Jenda n'kosavuta, koma pamenepo apolisi alipo kale, ndipo wozembetsa anthu kapena katundu amadziwa bwino kulambalala kudzera m'misewu yafumbi ya cha ku Embangweni ndi Edingeni ndi m'tinjira tosawerengeka tolowera ku Zambia. Odziwa njira zimenezi ndi mafumu, makomiti a chitukuko a m'madera ndi magulu a chitetezo cha m'mudzi, choncho malo ayenera kukambidwa poyera mu msonkhano wa khonsolo yonse. Tauni ya Mzimba nayo ili patali pang'ono ndi M1, moti kamera yoikidwa pa depoti kapena pamsika ingathere kulondola oyendetsa minibasi ndi anthu opita kuchipatala, kusiya amene akufunidwawo. Kuwonjezera apo, kamera imangowerenga nambala yomwe ilipo: njinga zamoto za kabaza zosalembetsedwa siingazidziwe, ndipo galimoto imene inagulitsidwa popanda kusintha umwini ku nthambi yoona za pamsewu idzalozetsa apolisi kwa munthu wosalakwa.

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira aliyense wosunga mbiri zotere. Kamera ikajambula galimoto imodzi kwa miyezi ingapo imaulula tchalitchi, chipatala ndi msonkhano wandale kumene mwiniyo amapita. N'chifukwa chake khonsolo isanalole kuti mtengo wa kamera uzikidwe pamalo ake, iyenera kupatsidwa m'kalata yankho la kutalika kwa nthawi yosunga zithunzizo, maudindo a amene aziziona, ndi ofesi imene munthu wosokonezedwa ndi nambala yolakwika angakadandauleko.